Rada ya MARSIS ikuyeza kale ionosphere ya Mars, nanga zipangizo za pulazima n'zachiyani?

Nthanda walemba:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene landizunguza mutu kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha inu amene mumazidziwa bwino zinthuzi kuti mundiunikire. Ndakhala ndikuwerenga za chombo cha Mars Express, chimene bungwe la za m'mlengalenga la maiko a ku Ulaya, ESA, linachitumiza m'mlengalenga pa 2 Juni 2003 ndipo chinafika ku Mars pa 25 Disembala chaka chomwecho. Chombochi chili ndi rada yotchedwa MARSIS. Poyamba ndinkayesa kuti ntchito ya radayi ndi imodzi yokha, yofufuza zimene zili pansi pa nthaka, pakuti ndi yomweyi imene inatchuka mu 2018 pamene gulu la Roberto Orosei linalengeza kuti laona zizindikiro za madzi kunsi kwa madzi oundana a kumalekezero a kum'mwera kwa pulanetiyi. Koma nditawerenga mozama ndapeza kuti radayi imayezanso ionosphere, ndiye kuti gawo la pamwamba la mpweya wa pulaneti, kumene kuwala kwa dzuwa kumathothola ma elekitironi ku ma atomu ndi mamolekyulu.

Chimene chikundivuta ndi ichi. Chombocho chimadutsa pamtunda wa makilomita mazana angapo, pamene gawo lothithikana kwambiri la ionosphere lili m'munsi ndithu, ndiye rada ingawerenge bwanji ma elekitironi amene sinawakhudze? Ndipo ngati imathadi kuwawerenga, n'chifukwa chiyani chombo chomwecho chinanyamulanso zipangizo za pulazima zotchedwa ASPERA-3, kenako NASA n'kutumizanso chombo china chathunthu, MAVEN, chodzaza ndi zipangizo za mtundu umenewo? Kwa ine zikuoneka ngati kugwira ntchito imodzi kawiri. Ndaonanso zithunzi za miyeso ya radayi zimene amazitcha ionogram, ndipo m'menemo muli mizere yoimirira ndi yopingasa imene sindikudziwa ngati ili ndi tanthauzo kapena ndi phokoso chabe la chipangizo.

Mlalang'amba wayankha:

A Nthanda, funso lanu lafika pa phata penipeni pa nkhaniyi, ndipo ndiyamba ndi gawo la rada chifukwa ndilo ndalitayira nthawi yambiri.

Pulazima ndi mpweya umene muli ma elekitironi ndi ma ayoni (ma atomu kapena mamolekyulu amene athotholedwa elekitironi) oyenda momasuka. Ma elekitironiwo mukawakankha pang'ono kuwachotsa pamalo pawo, ma ayoni amawakokanso, ndipo amayamba kunjenjemera uku ndi uku pa liwiro lawolawo. Liwiro la kunjenjemerako, limene akatswiri amalitcha plasma frequency, limadalira chinthu chimodzi chokha, ndicho kuchuluka kwa ma elekitironi pamalopo. Masamu ake ndi afupi: mutenge chiwerengero cha ma elekitironi amene ali mu kiyubiki sentimita imodzi, mupeze sikweya ruti yake, ndipo muchulukitse ndi 8,980, yankho lake limatuluka mu ma hertz (hertz imodzi ndi kunjenjemera kamodzi pa sekondi, ndipo MHz imodzi ndi ma hertz miliyoni imodzi). Mwachitsanzo, pamene pali ma elekitironi 10,000 yankho ndi pafupifupi 0.9 MHz, ndipo pamene pali 150,000, monga zimakhalira masana pa msinkhu wa makilomita pafupifupi 130 ku Mars, yankho ndi pafupifupi 3.5 MHz.

Tsono chinsinsi chili apa: funde la wailesi silingadutse mu pulazima imene kunjenjemera kwake kukuposa frequency ya fundelo, ndiye kuti liwiro la kunjenjemera kwa fundelo. Limalowa mpaka kufika pamene ziwirizi zafanana, pamenepo n'kubwerera. Choncho MARSIS ikatumiza funde la 1 MHz kuloza pansi, fundelo limatsika mpaka pa msinkhu umene ma elekitironi achuluka kufika pa muyeso wa 1 MHz, n'kubwerera kumlongoti. Ikatumiza la 2 MHz, limalowa mozamirapo lisanabwerere. Radayi imachita zimenezi ndi ma frequency 160, kuyambira pa 0.1 MHz kufika pafupifupi 5.5 MHz, ndipo ulendo wonsewo umatenga sekondi imodzi ndi kachigawo. Frequency imatiuza kuchuluka kwa ma elekitironi, nthawi imene funde latenga kupita ndi kubwera imatiuza kutalika kwa malowo. Frequency ikapitirira muyeso wa gawo lothithikana kwambiri, funde limaboola n'kukagunda nthaka, ndipo pa ionogram mumaona mzere wa ionosphere ukutha, wa nthaka n'kuyamba. N'chifukwa chake ntchito yofufuza pansi pa nthaka imayenda bwino usiku, pamene ionosphere yapepuka, pakuti masana mafunde a 1.8 ndi 3 MHz nthawi zambiri safika n'komwe pansi. Chimene chili chotchinga kwa ofufuza madzi ndicho chimene ofufuza ionosphere akuchifuna.

Njirayi si yatsopano. Gregory Breit ndi Merle Tuve anaiyamba m'zaka za m'ma 1920 potumiza mafunde kuchokera pansi kuloza kumwamba, ndipo chombo cha ku Canada chotchedwa Alouette 1 chinaitembenuza mu 1962, kuyeza ionosphere ya dziko lathu kuchokera pamwamba. MARSIS inatengera luso lomwelo ku pulaneti ina, ndipo gawo la ionosphere linatsogozedwa ndi Donald Gurnett wa ku University of Iowa. Mlongoti wake waukulu ndi wa mamita 40, mikono iwiri ya mamita 20, ndipo sunatambasulidwe mpaka 2005 chifukwa mainjiniya ankaopa kuti potambasuka ukhoza kukwapula chombo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse n'zosalala. Pamene ndinatenga koyamba ma ionogram m'nkhokwe ya ESA, imene aliyense angathe kuitsegula, ndinachita masamu amene aliyense angayambe nawo: ndinatenga nthawi ya funde, kuchulukitsa ndi makilomita 300,000 pa sekondi, n'kugawa pawiri. Yankho linandiuza kuti gawo lothithikana lili m'munsi mwa makilomita 100, ndipo kwa masiku awiri ndinkakhulupirira kuti ndapeza chinthu chachilendo, kufikira nditazindikira kulakwa kwanga. Funde limayenda pang'onopang'ono likalowa mu pulazima, ndipo limachedwa koposa likamayandikira pamene libwerere, motero nthawi imatalika ndipo malo amaoneka ngati ali patali kuposa pamene alidi. Kuti mukonze zimenezi muyenera kuyambira pa chombo penipeni n'kumatsika pang'onopang'ono, kuchotsera kuchedwa kwa gawo lililonse musanalowe m'gawo lotsatira. Ndipo kuti muyambe, muyenera kudziwa kuchuluka kwa ma elekitironi pamalo pamene chombo chili. Mukaphonya chiwerengero choyambacho, masamu onse otsatira amapendekeka.

Kamuuzeni wayankha:

Zimene afotokoza a Mlalang'amba n'zoona, koma ine ndikufuna kuimirira mbali ya zipangizo za pulazima, chifukwa mawu a a Nthanda akuti "ntchito imodzi kawiri" sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono.

Rada imadziwa chinthu chimodzi, kuchuluka kwa ma elekitironi. Siingakuuzeni kuti ma ayoni amene ali pamenepo ndi a mtundu wanji, ndi otentha bwanji, kapena akulowera kuti. Onani chitsanzo ichi. Mpweya wa ku Mars pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse ndi carbon dioxide, ndiye munthu angayembekezere kuti ayoni yochuluka mu ionosphere ikhala ya carbon dioxide yomweyo. Sizili choncho. Zombo ziwiri za Viking, pamene zinkatsika kukatera mu 1976, zinali ndi tizipangizo togwira ma ayoni mwachindunji, ndipo tizipangizoto tinapeza kuti yochuluka kwambiri ndi ayoni ya molekyulu ya okosijeni, O2+. Chifukwa chake n'chakuti dzuwa likangopanga ayoni ya carbon dioxide, imakumana msanga ndi atomu ya okosijeni n'kusanduka O2+. Rada ikadayeza zaka chikwi, sikadatiuza zimenezi. Ndipo nkhaniyi si yaing'ono, pakuti O2+ ikagwiranso elekitironi imagawika kukhala ma atomu awiri a okosijeni othamanga kwambiri, ena mwa iwo n'kuthawiratu mphamvu yokoka ya Mars. Iyi ndi imodzi mwa njira zazikulu zimene pulanetiyi ikutayira mpweya wake mpaka lero.

ASPERA-3, imene inapangidwa motsogozedwa ndi Swedish Institute of Space Physics ku Kiruna, ili ndi chipangizo chosanja ma elekitironi potengera mphamvu zawo ndi china chosanja ma ayoni potengera kulemera kwawo. Chinthu chimene chimandisangalatsa kwambiri pa chosanja ma elekitironicho ndi ichi: kuwala kwina kwa dzuwa, kwa mafunde otalika mananomita 30.4, kukamenya carbon dioxide kumatulutsa ma elekitironi okhala ndi mphamvu zodziwika, pakati pa 21 ndi 24 eV ndi enanso pafupi ndi 27 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono totere). Ma elekitironi amenewa ali ngati obadwa ndi chizindikiro pamphumi. Mukawapeza kutali, ngakhale kuseri kwa pulaneti kumene kuli mdima, mumadziwa kuti anabadwira mu ionosphere ya masana ndipo anayenda motsata mizere ya mphamvu ya maginito kufika pamenepo. Motero chipangizocho chimatiuza za njira zimene pulazima ikuthawira, zimene rada siiona.

Kufooka kwa zipangizo zotere nakonso n'koonekeratu, ndipo sindikubisa. Zimayeza pamalo pokhapo pamene chombo chili. Mars Express siitsika m'munsi mwa makilomita pafupifupi 250, choncho ASPERA-3 sinafikepo m'gawo lothithikana la pa makilomita 130. Komanso chombo chimadzaza mphamvu ya magetsi pathupi pake chikamayenda m'dzuwa ndi mu pulazima, ndipo mphamvuyo imakankha kapena kukoka tinthu tofooka tisanalowe m'chipangizo, pamene pulazima ya ionosphere yambiri ndi yofooka chomwecho. N'chifukwa chake MAVEN, imene inanyamuka pa 18 Novembala 2013 n'kufika mu Seputembala 2014, inakonzedwa kuti izitsika mpaka pafupifupi makilomita 150, nthawi zina 125, itanyamula Langmuir probe, kandodo kamene amakapatsa mphamvu ya magetsi yosinthasintha n'kumayeza magetsi amene kakutola, ndipo kuchokera apo amapeza kuchuluka ndi kutentha kwa ma elekitironi. Kuyambira pa Viking kufika pa MAVEN panadutsa zaka 38 popanda chipangizo china choyeza mitundu ya ma ayoni pa msinkhu umenewo.

Nthanda wayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri, tsopano ndayamba kuona kuti zipangizozi zikuyankha mafunso osiyana. Koma a Mlalang'amba, mwasiya chinthu chimene chandipatsa nkhawa ina. Mwati masamu a rada amafuna chiwerengero cha ma elekitironi pa chombo penipeni, ndipo a Kamuuzeni ati ASPERA-3 imavutika kugwira pulazima yofooka. Nanga chiwerengero choyambacho chimachokera kuti pa Mars Express? Ndiponso za mizere ija simunandiyankhe.

Mlalang'amba wayankha:

Pepani a Nthanda, ndinaisiya dala chifukwa mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, ndipo kwa ine ili ndilo gawo lokoma koposa la chipangizochi.

Mlongoti wa MARSIS suli m'malo opanda kanthu, uli m'kati mwa pulazima. Ukatulutsa funde lamphamvu, umagwedeza ma elekitironi ouzungulira, ndipo iwo amayamba kunjenjemera pa plasma frequency ya pamalopo, monga belu limalira ndi liwu lake mosasamala chimene chalimenya. Kunjenjemerako kumafika m'chipangizo cholandirira ndi mphamvu yochuluka kwambiri kotero kuti chimasefukira, ndipo m'malo mwa mzere umodzi pamatuluka mizere yambiri yoimirira, yotalikirana mofanana, kumanzere kwa ionogram. Mpata wa pakati pa mzere ndi unzake ndiwo plasma frequency ya pa chombo. Mukauyeza n'kupeza 0.3 MHz, mugawe 300,000 ndi 8,980, muchulukitse yankholo ndi lokha, ndipo mupeza ma elekitironi pafupifupi 1,100 mu kiyubiki sentimita imodzi. Chimenecho ndicho chiwerengero choyambira chija. Ubwino wake ndi wakuti magetsi a pathupi pa chombo sachisokoneza monga asokonezera zipangizo zotola tinthu, chifukwa tikuyeza frequency, osati kuwerenga ma elekitironi amene alowa pakhomo.

Mizere yopingasa nayo ili ndi nkhani yake. Pamene pali mphamvu ya maginito, elekitironi siiyenda molunjika, imazungulira. Mlongoti ukakankha ma elekitironi, amazungulira n'kubwerera pafupi nawo nthawi ndi nthawi, ndipo kubwera kulikonse kumalemba mzere umodzi. Elekitironi imazungulira ka 28 pa sekondi pa nanotesla iliyonse (muyeso wa mphamvu ya maginito), choncho pa mananotesla 100 imazungulira ka 2,800 pa sekondi, ndipo mizereyo imatalikirana ndi mamilisekondi pafupifupi 0.36. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa Mars Express ilibe chipangizo choyezera maginito. Kukula kwa mphamvu ya maginito pa chombochi timakudziwa kuchokera m'mizere imene munthu woona koyamba amaiyesa phokoso, ngakhale kuti kumene mphamvuyo yaloza mizereyi sitiuza.

Pakati pa frequency ya pa chombo ndi funde loyamba lobwerera pamakhala mpata umene rada siiona kanthu, ndipo m'menemo timangoyerekeza kuti ma elekitironi akuchuluka mwadongosolo pamene tikutsika. Apa ndi pamene miyeso ya MAVEN inathandiza, chifukwa inadutsa m'gawo lomwelo n'kuonetsa mmene lilidi. Gawo la m'munsi mwa malo othithikana kwambiri nalonso rada ya pamwamba siilifikira. Limeneli limayezedwa ndi njira ina, yoona mmene mafunde a wailesi ya chombo akupindikira pamene chombo chikubisika kuseri kwa pulaneti, njira imene Mariner 4 inaigwiritsa ntchito koyamba ku Mars mu Julayi 1965.

Chingwe_cha_Maginito wayankha:

Ndawerenga zonse mwachidwi, ndipo ndingowonjezerapo zochitika zimene zimaonetsa zipangizozi zikugwira ntchito limodzi, popeza a Nthanda anafunsa chifukwa chotumizira zonse.

Mars ilibe mphamvu ya maginito yokuta pulaneti yonse monga dziko lathu, koma Mars Global Surveyor, imene inafika kumeneko mu 1997, inapeza kuti miyala yakale, makamaka kum'mwera m'madera a Terra Sirenum ndi Terra Cimmeria, inasunga maginito amphamvu. MARSIS ikamadutsa m'madera amenewo imalandira funde lachiwiri lobwerera, lochedwerapo kuposa la pansi penipeni, ndipo mukasanja miyeso motsatizana limajambula uta wogadabuka: limayamba lili patali, n'kuyandikira, n'kutalikiranso. Zimenezi zimatanthauza kuti pambali pali chotupa mu ionosphere chimene chikubweza mafunde mopendekeka. Zotupazi zimapezeka pamene mizere ya maginito yaima chilili, ndipo zimabwerera pamalo omwewo chombo chikadutsanso patapita miyezi. Rada inaona mawonekedwe ake, koma kufotokoza chifukwa chake kumafuna miyeso ya ma elekitironi ndi kutentha kwawo, pakuti pamalo otere mizere ya maginito imatseguka ndipo tinthu ta mphepo ya dzuwa, pulazima yochokera ku dzuwa, tingathe kutsikira m'kati.

Chochitika chimene sindichiiwala ndi cha pa 19 Okutobala 2014, pamene nyenyezi ya mchira yotchedwa Siding Spring inadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140,000 kuchokera ku Mars. Fumbi lake linagwera mu mpweya wa pulanetiyi n'kupsa. Patangopita maola ochepa MARSIS inaona gawo latsopano la ma elekitironi, lothithikana modabwitsa, m'munsi mwa gawo la masiku onse. Rada inanena kuti gawolo lilipo ndiponso kukula kwake, koma sinathe kunena kuti lapangidwa ndi chiyani. MAVEN, imene inali itakhala pafupifupi mwezi umodzi ku Mars, ndiyo inapeza ma ayoni a zitsulo monga magnesium, iron ndi sodium, ndipo umboni wa mbali ziwirizi utaphatikizidwa panalibenso chikaiko kuti gawolo linachokera ku fumbi la nyenyeziyo.

Mu Seputembala 2017 kunachitika zosiyana. Dzuwa litaphulitsa tinthu tamphamvu kwambiri, mafunde a MARSIS obwerera kuchokera kunthaka anazimiririka kwa masiku angapo, ndipo SHARAD, rada ya pa Mars Reconnaissance Orbiter imene imagwira ntchito pa 20 MHz, nayonso inakhudzidwa. Tinthuto tinalowa mozama n'kupanga ma elekitironi pa msinkhu wotsika, pamene mpweya ndi wochindikala ndipo ma elekitironi amagundana ndi mamolekyulu pafupipafupi, motero mphamvu ya funde imathera m'kugundanako. Amene anatiuza chimene chikugwa kuchokera kumwamba ndi zipangizo za MAVEN zoyeza tinthu tamphamvu.

Kamuuzeni wayankha:

A Chingwe_cha_Maginito, pa nkhani ya 2017 ndiwonjezere kuti kuzimiririka kwa funde nakonso kunasanduka muyeso, chifukwa poyerekeza mmene MARSIS ndi SHARAD zinafookera pa ma frequency awo osiyana, ofufuza anatha kuyerekeza msinkhu wa gawo lomeza mafundelo, umene palibe chombo chozungulira chingatsikeko. A Nthanda, ngati mufuna kuyesa nokha, yambani ndi ionogram ya masana imene chombo chinali m'munsi mwa makilomita 500, chifukwa pamenepo mizere yoimirira imatalikirana bwino ndipo mpata wosaoneka uja umakhala waung'ono. Yezani mpata wa mizereyo poyamba, musanakhudze funde lobwerera.